Mneneri wa Nyengo ku Glasgow

Agogo anga aamuna a ku Dedza, amene moyo wawo wonse sanaonepo chipangizo choyezera mphepo, akangoona linthumbu likusamuka, namva achule akuimba kudambo, nanunkhiza mphepo ya mpoto, ankalamula kuti mbewu zituluke, ndipo mvula, ngati nduna yomvera mfumu, inkafika. Kotero ine mdzukulu wawo, pofika kuno ku Glasgow, ndinadziyesa wolowa chuma cha uneneri umenewo, ngakhale kuno linthumbu kulibe, ndipo chule sindinamumvepo.

Kumapeto kwa February 2018, a zanyengo a Met Office atayamba kuchenjeza kuti mphepo yachisanu yochokera ku Siberia ili m'njira, ndi kuti powoloka nyanja ya North Sea idzatunga chinyezi nidzatikhuthulira sinowo, chinthu chija Buku Lopatulika limachitcha matalala, ine ndinatuluka panja, ndinaona timaluwa titasuzumira m'mphepete mwa msewu, ndinafunsira kwa bondo langa lakumanzere limene silinama pa za nyengo, ndipo ndinabwerera m'nyumba ndi chigamulo. Ndinati, "Mayi, chisanu chatha. Eni dziko omwewa amati pa 1 March ndi chiyambi cha nyengo ya maluwa. Kakagwa kanthu, kadzakhala kamvula ka chizimalupsa."

Mayi a ana anga, osakweza ndi mutu womwe, anati, "Bambo, kagulenitu buledi ndi mkaka, uneneriwo mudzapitiriza pobwera."

Buledi sindinagule. Ndinagula njere za mpiru, ndinazifesa m'mabeseni kuseri kwa nyumba, ndinayanika mabulangete onse pachingwe kuti apitidwe mphepo, ndipo jekete langa lochindikala ndinalilonga pansi penipeni pa sutikesi, monga munthu woika maliro a mdani wake.

Lachitatu pa 28 February kunatuluka chenjezo lofiira, loyamba kuperekedwa ku Scotland chifukwa cha sinowo. Mabasi anaima, bwalo la ndege linatsekedwa, ndipo pa msewu wa M80 anthu anachezera usiku wonse m'magalimoto awo. Anyuzipepala anachitcha chisanucho Beast from the East, ndiko kuti Chilombo cha Kum'mawa; ndipo popeza mvula ikakuona litsiro sikata, m'mawa mwake namondwe wina wotchedwa Emma anatulukira kumwera, nakwirira Wales ndi England wakumwera chakumadzulo, kumene kuli msuweni wanga amene ndinamuimbira lamya kuti asadere nkhawa.

Mabulangete aja ndinawapeza ataumirira ngati zitseko, moti polowa nawo m'nyumba ndinachita kuwapendeketsa. Ulendo wanga wa kugolosale, m'kajekete ka ku ukwati ndi nsapato zoterera za kutchalitchi, unandigwaditsa katatu pamaso pa ana a aneba, amene anandiombera m'manja poganiza kuti ndi gule wa kwathu. Ndipo nditafika, pa mashelufu a buledi panali mbee, ngati nkhokwe m'mwezi wa February.

Sinowo atasungunuka, madzi nayenderera m'misewu, ndinayesa kufotokozera banja kuti uneneri wanga wakwaniritsidwa ndithu, pakuti chinagwacho chinali mvula yomwe ija, kungoti inafika itavala mkanjo woyera. Mayi anangondipatsa mopu.

Kufikira lero, m'mawa uliwonse amandifunsa mwaulemu wonse kuti bondo likuti bwanji, ndipo ndikati kuwala dzuwa, amagawira ana maambulera. Mpiru uja sunamere.