Kodi ngwazi yobisalayi aituma ndani?

Mdzukulu wanga amene akuphunzira ku Lusaka anabwera kuno ku Chiparamba patchuthi cha Disembala ali ndi kathumba kansalu kolira ngati muli nsawawa zouma. Tsiku lina mvula itatibweza kumunda tisanamalize kupalira, anakhuthula kathumbako pamphasa pakhonde. Munatuluka timadayisi. Kamodzi ndinakazindikira, ka mbali 6, konga ka ludo. Koma tina tinali tachilendo, ka mbali 4 kosongoka ngati denga la nkhokwe, ndi kena kobulungira ka mbali 20 kamene kanagubuduka mpaka kukagwera m'ngalande. Azisuweni ake atatu anakhala mozungulira, aliyense atapatsidwa pepala ndi pensulo, ndipo ine anandipatsanso langa.

“Agogo, inu mukhala kazitape. Koma kazitape wa mphamvu zoposa za munthu.”

Ndinafunsa kuti bolodi lili kuti. Nsolo uli ndi maenje ake, drafuti ali ndi thabwa lake. Iye anati palibe, zonse zichitikira m'mutu ndi pakamwa. Nanga wopambana adziwika bwanji? Anati nthawi zambiri palibe wopambana mnzake, tonse tili mbali imodzi. Mmodzi amasimba nkhani, kunena kumene tili ndi zimene tikuona, ena aliyense amalankhulira munthu wake amene wamulemba papepala. Ukanena kuti munthu wanga alumpha mpanda, umaponya dayisi ya mbali 20 ija, n'kuwonjezerapo nambala ya luso lako. Zikakwana pa nambala imene wosimbayo waika, walumpha. Zikaperewera, wakodwa pa waya.

Ndiye kuti ndi nthano? Ine ndinakulira pa nthano za kalulu, agogo anga akuyamba ife n'kumavomera kuti tili tonse. Koma ife sitinkaloledwa kusintha zochita za kalulu. Apa womvera ndiye akuyendetsa nkhani, ndipo ngakhale wosimbayo sadziwa kumene ithere. Zimenezo zinandikomera, sindibisa. Mnyamatayo anandiuza kuti masewera otere anayambira ku America mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, ya ankhondo a malupanga ndi zinjoka. Pambuyo pake kunabwera ya akazitape yotchedwa Top Secret mu 1980, ndi ya ngwazi zouluka yotchedwa Champions mu 1981. Iye ndi anzake anangosakaniza ziwirizo.

Kusakanizako ndi kumene kunandizunguza. Ngwazi ndi munthu amene aliyense amamudziwa. Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera Angoni polimbana ndi Angerezi mu 1898 mpaka kuphedwa, timamutchula dzina lake poyera, ndipo ndi chifukwa chake ali ngwazi. Kazitape ndi munthu amene akadziwika ntchito yake yatha. Nanga munthu mmodzi akhala bwanji zonse ziwiri? Ngati ali wobisala, avaliranji malaya ofiira owala ndi chinsalu cholendewera kumsana? Chinsalu chimenecho sichikola paminga? Anawo anaseka, koma ine ndinkafunsa zenizeni. Ndinamvapo za James Bond, uja Ian Fleming anamulemba koyamba mu 1953, ndipo chimene ndimadabwa nacho m'mafilimu ake n'chomwechi: kazitape wanji amene amafika pamalo n'kuyamba ndi kutchula dzina lake?

Komanso mawu akuti kazitape kwathu kuno si otamanda. Munthu akakutcha kazitape pamaliro kapena pachitsime, ndiye kuti wati ndiwe wotola nkhani za anzako n'kukazitula kwina. Anthu amatsitsa mawu ukamafika. Ndinafunsa mdzukulu wanga ngati ku Lusaka mawuwo anasintha tanthauzo. Anati ayi, koma kazitape wa m'masewera ndi wabwino, amazonda anthu oipa okha. Nanga amadziwa bwanji kuti uyu ndi woipa asanamuzonde?

Sanayankhe. Anangoti tilembe mphamvu.

Wamng'ono pa onse analemba kuti wake amauluka. Wina anati wake saoneka ndi maso, amalowa m'nyumba chitseko chili chotseka. Wachitatu anati wake amasanduka nyama iliyonse imene wafuna. Ine ndinaika pensulo pansi. Munthu wouluka usiku, wolowa m'nyumba zotseka, wosanduka fisi, masana n'kumayenda pakati pathu ngati palibe kanthu, kuno timamutcha ndani? Ana onse anakhala chete, chifukwa yankho analidziwa. Ndaonapo nkhalamba ikunyozedwa ndi kusalidwa m'mudzi chifukwa chongoganiziridwa zoterezo, ndipo sindinena mawu amenewo mopepuka. Funso langa linali lakuti: ngati mphamvu zake ndi zomwezo, kubisala kwake n'komweko, chimene chisiyanitsa ngwazi yanuyi ndi mfiti n'chiyani?

“Mtima wake, agogo. Amathandiza anthu.”

Mtima wakewo auona ndani, poti nkhope yomwe saionetsa?

Apa mnyamatayo anatulutsa foni, imene inali itagona pasola m'mawa wonse, nandionetsa zidutswa za katuni yotchedwa Supa Team 4. Ndinadabwa kumva kuti anaiyambitsa ndi mayi wa kuno ku Zambia, Malenga Mulendema, ndipo inatuluka pa Netflix mu Julayi 2023, itapangidwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhani yake ichitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Muli atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene amavala zobisa nkhope n'kumapulumutsa mzinda. Mulinso mbuzi, ndipo mbuziyo ndinaikonda. Koma amene ndinamuyang'anitsitsa ndi Mama K, mayi wachikulire amene kale anali kazitape, ndiye anawasonkhanitsa atsikanawo. Iye amawadziwa mayina awo enieni. Amawatuma, ndipo akabwerera amabwerera kwa iye. Ndinapempha kuti andibwezere chidutswa chimenecho kawiri.

Chinandikumbutsa gule. Za kudambwe sindinena, si zolemba papepala. Koma chimene mwana aliyense wa kuno amaona n'chakuti chilombo chikatuluka, ngakhale palibe amene anganene kuti ndi uje, sichituluka chokha mwa kufuna kwake. Pali mwini mzinda, pali akuluakulu amene amadziwa, ndipo zikalakwika pali khomo limene anthu amakagogoda. Ku Kulamba, ku Mkaika, magule ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amavina pamaso pa Kalonga Gawa Undi, aliwonse atabwera ndi mafumu awo. Nkhope ndi yobisika kwa gulu, koma si yobisika kwa onse. Kodi si pamenepo pamene pagona kusiyana kwa ngwazi ndi mfiti? Ndikufunsa, chifukwa papepala limene anandipatsa panali mzere wa dzina, wa mphamvu, wa luso, wa zida, ngakhale wa chofooka, koma wa womutuma panalibe.

Za chofookazo ndinafunsanso. Munthu ukudzipangira wekha, umupatsiranji chilema? Mdzukulu wanga anati wopanda chofooka sasangalatsa, chifukwa dayisi ilibenso ntchito, zonse angozitha. Anati ngakhale Superman, amene anayamba kuoneka m'mabuku a zithunzi mu 1938, ali ndi mwala wobiriwira umene umamufooketsa. Izi ndinazimva msanga. Kalulu naye amagwidwa ndi chidole cha phula.

Choncho ndinalemba wanga. Ndi mayi wa zaka za m'ma 60, wogulitsa nthochi ndi nsawawa zokazinga pamsika wa Kapata ku Chipata. Savala chinsalu chakumsana, amavala chitenje chofwifwa ndi duku. Ana anadandaula kuti ameneyo si ngwazi. Ndinawafunsa kuti: pamene munapita ku Kapata komaliza, amene anakugulitsani nthochi nkhope yake mukuikumbuka? Palibe anaikumbuka. Nanga kusaoneka kumene mukufunako si kumeneku? Anyamata a njinga amakambirana pafupi naye za katundu amene adutsa naye njira zachidule kupewa chipata cha Mwami, madalaivala amatchula mitengo, iye ali phee, akuwerenga chenji. Mphamvu yake ndinalemba kuti chimene wamva kamodzi saiwala, ndipo munthu akanama iye amamva fungo ngati la chimanga chofuka. Chofooka chake ndi bondo lamanzere, limene limatupa kukachita mitambo, komanso adzukulu atatu amene ayenera kuwaphikira dzuwa lisanalowe, kaya mzinda ukupsa. Pansi penipeni ndinajambula mzere wanga ndi pensulo, n'kulemba kuti amatumidwa ndi amfumu a m'mudzi mwake pamodzi ndi amayi awiri achikulire, ndipo Loweruka lililonse amakafotokoza zonse zimene wachita, ndi zimene walakwitsa zomwe.

Mdzukulu wanga anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Anati m'malamulo mulibe, koma saona choletsa. Kenaka anandifunsa funso limene linandigwira pakhosi: “Nanga amfumuwo akakhala kuti ndiwo akuba, agogo?” Ndinalibe yankho lokonzeka. Ndinati n'chifukwa chake ndaikapo amayi awiri aja. Iye anati nawonso angagulidwe ndi thumba limodzi la fetereza. Ndinavomera kuti angagulidwe.

Nkhani imene anatisimbira inali ya matumba 40 a fetereza amene anasowa usiku m'shedi ya m'mudzi wongopeka, mbewu zili pofunika kuthira. Wouluka uja anazungulira mumlengalenga osaona kanthu, poti dayisi inamupatsa 4. Wosaonekayo analowa m'shedi napeza mapazi a matayala a ngolo. Itafika nthawi yanga ndinati mayi wanga akhala pansi pa mtengo wa mango pamphambano, ayala nthochi zake, adikira woyendetsa ngolo adzagule. Anabweradi. Mayiyo anamufunsa kuti ng'ombe zatopa ndi chiyani m'mawa uno. Ndinaponya kadayisi ka mbali 20 kaja, kanagunda mwendo wa mpando, n'kuima pa 17.

“Wanama, agogo. Fungo lamveka. Mutani tsopano? Ali yekha, ndipo anzanu ali pafupi, angathe kumugwira.”

Ana atatu aja anali atayamba kale kukuwa kuti timumange, timuulutse, timuponye mumtsinje wa Lutembwe. Ine ndinati mayiyo amupatsa chenji chake, amanga nthochi zotsala m'chitenje, ayamba ulendo wa kwa amfumu. Mdzukulu wanga anasuzumira kunja, kumene mvula inali isanakate, nati kuli mitambo, bondo latupa, ndiponyenso dayisi kuti tione ngati akafike ngoloyo isanawoloke.