Ziphuphu Zosafuna ACB

Chichewa chinalakwira osalakwa pamene chinapereka dzina limodzi kwa ndalama zolowa m'thumba mwamseri ndi totupa totuluka m'khwapa munthu akameta. Zoyambazo boma linazikhazikitsira bungwe la ACB potsatira lamulo la mu 1995, ndipo milandu yake imagona m'makhothi zaka. Ziphuphu za m'khwapa sizisowa wofufuza kapena mboni. Ukameta lero pouma, ndi lezala lobuntha lomwe lagonera pamwala wa kubafa masabata atatu, mawa kapena mkuja chigamulo chatuluka, ndipo palibe loya wokachiimitsa.

Ngati pali malo oyenera kuziimikira chipilala, ndi pa Sharpevale. Dzinalo ndi la Alfred Sharpe, yemwe mu 1907 anakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland, koma mu Okutobala wolamulira chigwa cha Bwanje ndi dzuwa. Wa ku Tsangano angamete mosasamala mphepo yozizira n'kumukhululukira, kuno ayi. Lezala limapala kakhungu kapamwamba n'kusiya timabala tosaoneka, thukuta la mchere limalowa momwemo, bulauzi yothina ikukhula, kenaka mwini wake n'kupoperapo pefyumu wokhala ndi sipiriti. Mayi wokweza mikono kugwirira dengu la tomato pamsewu wa M5 amamva phunziro lonse asanafike pamsika. Ndi mphunzitsi uti amene amatsatira ophunzira ake mpaka mu minibasi?

Otsutsa amati ziphuphuzi n'zokondera, chifukwa zimakonda ife a tsitsi lopotana. Apa ali ndi mfundo: ubweya wopotana ukadulidwa kwambiri umatsala ndi nsonga yakuthwa, ndipo pomera umapindika n'kubaya khungu la mwini wake, thupi n'kuutenga ngati munga. Komatu wobaya ndi ubweya, wonola ndi lezala, wogwira lezala ndi iwe. Chiphuphucho changobwera kudzalengeza. Ndipo chindapusa chake n'chotsika kuposa cha kwa amfumu, kumene mbuzi imapita: kumeta pomaliza kusamba ubweya utafewa, thovu la sopo lokwanira, lezala lakuthwa la iwe wekha (kubwerekana kumafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B), kutsata komwe ubweya waloza osabwerezabwereza pamalo amodzi, kutsuka ndi madzi ozizira, kupaka Vaseline pang'ono, n'kudikira tsiku usanapake zonunkhiritsa. Woti zamugwira kale aike kansalu konyowa kozizira, avale zomasuka za thonje, lezala lipume mpaka pachire, kapena angodulira ndi sizasi.

Ena amadandaula kuti zimasiya mawanga akuda, m'khwapa n'kuchititsa manyazi pa chinkhoswe pamene manja ayenera kukwera poponya ndalama. Mawangawo kawirikawiri amakula chifukwa cha kukanda, kufinya ndi kumeta pamwamba pa chilonda, ndiye kuti ndi chilango cha wonyoza khothi. Chodandaula chomveka n'chimodzi chokha, chakuti pali achinyengo ena obisala m'dzina lomweli. Chotupa chikakula, chikatentha, chikatunga mafinya, kapena thupi likayamba kutentha, chimenecho si mlendo wathu wolemekezeka uja. Ndi tizilombo talowera pakhomo lomwe lezala linatsegula, ndipo nkhani yake ndi ya kuchipatala.