Mgolo wanga ndi kapinga wa ubwana

Mu Marichi 2024, El Niño itawotcha chimanga mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, anthu anzeru ankalira ufa. Ine ndinkalira kapinga. Ndinamudzala ndekha pakhomo, kamalo kofanana ndi mphasa ziwiri, kuti odutsa aziti pano pamakhala bwana. Anauma gwa, nkhuku za aneba n'kumasambapo fumbi.

Ndiye ndinagwira cholembera. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ya malata, ndi lita imodzi imeneyo. Denga lathu ndi masikweya mita 40. Mvula ya mamilimita 25 yokha, malita 1,000, opanda bilu! Masamuwa ndinawawerengera mayi a kunyumba nditaimirira ngati mlangizi wa zaulimi.

"Nanga malita 1,000 amenewo muwasunga m'matumba a buluku, bambo?"

Ndinangokhosomola. Mawa lake ndinakagula mgolo wa malita 200, wogulitsa akulumbira kuti munali mafuta ophikira basi. Wokhoma zidebe anandipindira lata lakale, ine n'kulimangirira ndi waya m'mphepete mwa denga.

Chizimalupsa chitagwa mu Okutobala, ndinatuluka usiku ndi kabudula, tochi kukamwa. Madzi oyamba amatsuka denga, amayenera kutayidwa kaye. Zimenezi ndinaziphunzira m'mawa mwake. Mumgolo munali fumbi la chilimwe chonse, zitosi za nkhunda, mpira wa mapepala umene ana anaulira mu Juni, ndi sokosi imodzi imene ndinanamizira wantchito wa aneba. Mgolo utadzaza, madzi otsala aja, amene pa pepala anali chuma changa, anapita molunjika pakhonde pa aneba omwewo.

Chimene masamu sanandiuze n'chakuti mgolo umadzaza tsiku limene kapinga wamwa kale. Ndiye ndinausiya pululu, osavundikira, kudikira ng'amba. Patatha sabata, m'madzi munali tinthu tovinavina.

"Achimwene," anatero aneba akusuzumira pampanda, "ena akuweta nkhuku, inu mwasankha udzudzu?"

Ndinataya onse, ndinatsuka, ndinaphimba ndi neti yakale. Mvula yotsatira inandipatsa madzi oyera mbee. Ng'amba itafika, ndinawerengeranso: malita 200 ndi makheni 20, makheni awiri patsiku, masiku khumi a ubwana.

Tsiku lachitatu mpopi wa pakhomo unangotulutsa mphepo. Pobwera kuntchito ndinapeza zovala zili mbwee pachingwe, ana osamba akuwala, mgolo ukulira ngati ng'oma.

"Mayi, nanga kapinga?"

"Kodi kapinga wanuyo timadyera nsima?"

Lero pamalo paja pali mpiru ndi mnkhwani, ndipo mgolo ali nawo ndi mayi, anaikapo loko. Kapinga wanditsalira wofanana ndi mpango wa m'manja, pafupi ndi geti. Amamwa madzi otsukira mbale, ndipo onyamula beseni ndine, kukada.