Atambala Awiri, Poloti Imodzi

Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwambiwu anaunena ali kumudzi, kumene banja lililonse linali ndi bwalo lake, khola lake ndi dzala lake, moti tambala wogonja pa ndewu ankangozembera kuseri kwa nkhokwe n'kukayamba ufumu wina kumeneko. Sanalote zoti kudzabwera nthawi imene mabanja asanu adzapanikizane pa poloti imodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, ndi bafa limodzi lotsekera msomali wopinda. Ine ndimakhala pamalo otero, m'dera lina mu Lilongwe muno, ndipo mwambiwu ndinaumvetsa nditauphwanya kale.

Zonse zinayamba ndi azakhali anga ku Dedza. Tsiku lotsanzika anathamangitsa ana bwalo lonse mpaka anandigwirira msoti ndi katambala kongoyamba kumene kumera nthenga za kumchira. "Mwana wa achimwene, musamangodya zozizira za m'firiji zija. Kaweteni izi, alendo azikupezani muli munthu." Mphatso ya nkhuku sakana. Ndinazimanga miyendo ndi luzi, n'kuziika m'katoni yoboolaboola, ndipo ulendo wonse kondakitala wa minibasi ankayang'ana katoniyo ngati akuwerengera mtengo wa mpando wake.

Papoloti pathu panali kale tambala. Anali wa alandilodi, wofiira, wa chifuwa chotambalala, woyenda pang'onopang'ono khomo ndi khomo ngati nayenso amatolera lendi. Masiku awiri oyamba katambala kanga kanali phee, kuphunzira malo. Usiku wachitatu, cha m'ma 3 koloko, wa alandilodi anakokoliza monga mwa nthawi zonse. Kenaka, pansi pa windo langa penipeni, kanga kanayankha ndi mawu osasa ngati a mnyamata wotha msinkhu kumene. Wofiira anabwereza mokwiya. Kanga kanabwerezanso. Atambala a kuseri kwa mpanda analowererapo, ndipo pofika 5 koloko dera lonse linali ngati msonkhano wopanda wapampando.

M'mawa alandilodi anandipeza ndikutsuka mkamwa.

"Mwadzuka bwanji achimwene?"

"Ndadzuka bwino bambo, kaya inu?"

"Ife tadzuka. Kungoti tadzutsidwa kawiri." Anatsokomola pang'ono. "Mwina sindinakuuzeni polowa, koma pano lamulo lake ndi lakuti nkhuku saweta."

Ndinayang'ana kumpopi, kumene wofiira uja ankamwa madzi modzikweza. "Nanga uyo, bambo?"

"Uyo si woweta. Uyo ndi wa pakhomo pano."

Tsiku limenelo ndinazindikira kuti nkhuku ya m'tauni imalamulidwa ndi malamulo a mitundu itatu. Oyamba ndi a khonsolo, amene analembedwa koma sitiwawerenga. Achiwiri ndi a alandilodi, amene sanalembedwe ndipo amabadwa tsiku limene aphwanyidwa. Achitatu ndi a aneba, amene salengezedwa n'komwe: umangoona nkhuku yako ikubwera ikutsimphina.

A khonsolo aja si nthano ayi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo, ndipo nkhani ya ziweto m'mizinda imagwera m'menemo. Lamulo la zaumoyo wa anthu, limene lilipo kuyambira 1948, tisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira, limawerengera chiweto chosungidwa mwauve m'gulu la zinthu zosautsa anthu. Mukaonetsetsa, boma silidana ndi nkhuku. Limadana ndi fungo, ntchentche ndi makoswe amene amatsatira gaga wotayikira pansi. Koma ife malamulo amenewa timawakumbukira pa mkangano pokha. Apo aliyense amasanduka loya, ndipo amene amafuula kwambiri kuti "ndikakusumirani ku khonsolo" nthawi zambiri ndi yemwe wamangirira mbuzi kuseri kwa bafa.

Zimandiseketsa kuti dziko lino, pa mayiko onse, lingavutike ndi tambala. Mu 1971 titasiya mapaundi, ndalama yathu tinaitcha kwacha, ndipo mwana wake tinamutcha tambala: matambala 100 kupanga kwacha imodzi. Lero tambala wachitsulo uja anasiya kulira. Ngakhale mwana wogulitsa zitumbuwa sangamulandire. Amene wasunga mtengo wake ndi wanthenga yekhayu, ndipo ndi yemweyo tikumuimba mlandu wa phokoso.

Pofuna kudziteteza ndinayamba kufufuza mmene anzathu akunja amachitira, ndipo ndinadzipweteka ndekha. Mumzinda wa New York munthu amaloledwa kuweta mathadzi, koma tambala ndi woletsedwa. Chifukwa chake n'chosavuta: thadzi limaikira mazira ngakhale palibe tambala. Tambala amafunika pokhapo ukufuna anapiye. Nditafotokoza zimenezi pa bawo, abambo onse anaweramira mabowo, ndipo wina anang'ung'udza kuti nkhani zoterezi zisafike kwa amayi. Ku England, kuyambira pa 1 October 2024, ngakhale uli ndi nkhuku imodzi yokha uyenera kukailembetsa ku boma, pofuna kuthana ndi chimfine cha mbalame. Ndinaganizira azakhali anga atafunsidwa kumene nkhuku zawo zimakhala. Yankho loona likanakhala lakuti masana zimakhala mudzi wonse, usiku mumtengo wa mango.

Chiyembekezo changa chinali tambala wina wa ku France wotchedwa Maurice, wa pa chilumba cha Oléron. Aneba ake anasumira mwini wake chifukwa cha phokoso, koma mu 2019 khoti la ku Rochefort linagamula kuti Maurice apitirize kulira. Mu 2021 dzikolo linafika pokhazikitsa lamulo loteteza phokoso ndi fungo la kumudzi. Ndinasangalala mpaka ndinaona pamene panali kusiyana. Maurice anali kwawo, ndipo odandaulawo anali ongobwera kudzapuma. Walira mvula walira matope: wofuna mphepo ya kumudzi alandirenso tambala wa kumudzi. Koma mwambi womwewo unanditembenukira, poti ine ndi amene ndinalira tauni, ndipo matope a tauni ndi aneba ogona mikono iwiri kuchokera pakhola lako.

Pamene atambala ankalimbana usiku, msoti unkagwira ntchito yake masana. Mayi a nyumba yachitatu anali ndi kabedi ka mpiru kuseri kwa khitchini, kothirira ndi madzi otsukira mbale. Tsiku lina anapeza patsala timitengo tokhatokha. Anandiitana mwaulemu wonse. "Aneba, nkhuku yanu yadya ndiwo zanga. Ndiye ndimafuna mundithandize nzeru: ndiwo zanga zili m'mimba mwa nkhukuyo, kodi nkhukuyo panopa ndi ndiwo ya ndani?" Abambo a nyumba yakumapeto, amene amalonda usiku n'kumagona masana, anati iwo tambala wa m'bandakucha alibe naye mlandu, koma wa 10 koloko m'mawa adzamuona. Mayi ena anangondilozera khonde lawo lopaka polishi wofiira, pamene msoti unali utasainapo kawiri.

Lamlungu madzulo tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, aliyense pa ndowa yake yovundikira. Ine ndinabwera ndi umboni wanga womaliza. Akatswiri ena a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan anapeza mu 2013 kuti tambala salira chifukwa choona kuwala kokha, ali ndi wotchi yake m'thupi. Mu 2015 anapezanso kuti atambala angapo akakhala pamodzi, wamkulu pa onse ndiye amayamba kulira, ena amadikira n'kutsatira monga mwa maudindo awo, ndipo wamkuluyo akachotsedwa wachiwiri amatenga mpando. "Ndiye mukuona," ndinatero, "atambala awiri amatha kulira m'khola limodzi. Chofunika n'kupatsana mpata."

Alandilodi anagwedeza mutu mosangalala. "Mwanena nokha, achimwene. Wamkulu ndiye amayamba. Nanga wamkulu pano ndani?"

Mlandu ndinaluza ndi umboni wanga womwe. Koma abambo olonda aja, amene salankhulalankhula, anakweza dzanja. "Bambo, ife zoti atambala ndi angati sizikutikhudza. Khola limene akunena akuluakulu lija, m'tauni muno ndi poloti yonseyi, ndipo okhalamo ndife. Mukamanga lamulo, limange nkhuku zonse, ya lendi ndi ya pakhomo yomwe." Mayi a mpiru anaomba m'manja. Alandilodi anayang'ana tambala wawo, anayang'ana anthu anayi olipira lendi, ndipo anachita masamu.

Malamulo amene tinapangana tsiku limenelo sanalembedwe, koma mpaka lero akugwira ntchito. Nkhuku iliyonse ikhale m'khola la waya, kutali ndi mawindo ndi mpopi. Usiku khola la tambala livindikiridwe ndi masaka, kuti akamalira azimveka ngati ali m'dera lina. Zitosi zisesedwe ndi kuunjikidwa kuti ziwolerane, kenaka zipite ku kabedi ka mpiru, ngati chipepeso chosatha. Gaga asungidwe m'ndowa yotseka. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe, isaponyedwe m'ngalande kapena kupita m'poto. Katemera wa chitopa, uja wodonthezera dontho limodzi m'diso, tizisonkherana miyezi inayi iliyonse, poti kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zambiri ndipo chitopa sichifunsa kuti mwini poloti ndani. Lomaliza linali loti tambala akhale mmodzi. Apo aliyense anapewa kundiyang'ana.

Mwayi wake, sabata yotsatira azakhali anabwera kudzaona mzinda. Mlendo wotero saphikira bonya. Anadya mwakachetechete, anatafuna nthutumba, kenaka anafunsa, "Kodi katambala kaja kakulira?" Ndinayankha kuti kanalira mokwanira. Anayang'ana m'mbale, anandiyang'ana ine, n'kupempha kuti ndiwaonjezere msuzi.

Msoti uja, pokhala wamasiye, anaulowetsa m'khola la wofiira. Unaikira, unafungatira masiku 21, ndipo unaswa anapiye asanu ndi anayi. M'mawa mwake alandilodi anaima pakhomo panga manja ali kumbuyo.

"Achimwene, ndabwera pa nkhani ya ana aja. Bambo wawo mukumudziwa."

"Ndikumudziwa bambo. Koma msotiwu ndi wa ku Dedza, ndipo kwathu ana ndi a kuchikazi. Tambala wanuyo ndi mkamwini chabe."

"Kwathu timalowola."

"Lowolani bambo. Lendi ya mwezi umodzi ikwanira."

Anaseka mpaka kukhala pa ndowa, ndipo zokambiranazo zikadali mkati. Pakadali pano anapiyewo akukula bwino, amadya ngati ana a sukulu otsekera. Dzulo mayi a mpiru anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kundinong'oneza kuti atatu mwa iwo miyendo yawo ikutalika mokayikitsa. Sindinauzebe alandilodi. Ndangotumiza uthenga ku Dedza kuti azakhali akonzeke, chaka chino abwera katatu.