Ndinakhoza Bwino Nditafa

Banja lililonse lili ndi munthu wake woseketsa, ndipo kwathu udindo umenewu ndinadzipatsa ndekha popanda chisankho. Ndinkatha kuyankhula monga Izeki kenako n'kudziyankha monga Jakobo. John Nyanga ndi Eric Mabedi ankagawana ntchitoyo anthu awiri, ine ndinkaigwira ndekhandekha, nthawi zambiri anthu ali pakati pa nsima. Akaseka ndinkati ndi luso. Panopa ndimakayikira kuti ena ankasekera kuti ndimalize msanga. Choncho nditafika kukoleji n'kupeza kuti pa maphunziro osankha pali la zisudzo, ndinalembetsa ndi mtima wokatenga malikisi aulere. Anzanga azilimbana ndi masamu, ine ndikapumire kumeneko.

Aphunzitsi sanafunse n'komwe ngati pali wodziwa kuseketsa. Anati tivule nsapato, ndipo sokosi zanga zinaulula zinsinsi zapakhomo. Kenako tigone chagada pasimenti, dzanja pamimba, tizipuma. Kupuma kumene ndakhala ndikuchita chibadwire, ati ndimalakwitsa! Mawu ofika kwa munthu wa pampando wakumbuyo sachokera kukhosi, amachokera pansi pa nthiti pamene pali mnofu woyendetsa mapapo, ndipo wokuwa ndi khosi amasasa mawu sewero lisanafike pakati. Ine ndinali wapakhosi. Tinatafuna mphepo kuti nsagwada zimasuke, tinabwereza mawu opinda lilime, tinatseka maso n'kudzigwetsa chagada kuti mnzathu atiwakhe. Amene akufuna kulembetsa phunziroli adziwiretu kuti manyazi amatsala pakhomo pamodzi ndi nsapato, ndipo jinzi yothina ija aisiye kuhositelo.

Adziwiretunso kuti kuli kuwerenga, zimene palibe anandichenjeza. Tinapatsidwa Stanislavski wa ku Russia, mmodzi mwa amene anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898, ndi funso lake losautsa lija: ndikanakhala ine munthu ameneyu, pamalo ano, nthawi ino, ndikanatani? Tinapatsidwa Brecht wa ku Germany, amene sankafuna kuti oonerera atengeke mtima mpaka kuiwala kuganiza, ndi Boal wa ku Brazil, amene ankaimitsa sewero kuti woonerera abwere adzayese yekha kuthetsa vutolo. Panali masewero a Soyinka ndi Fugard, komanso The Rainmaker la Steve Chimombo, lonena za Mbona. Zonsezi zinali ndi maasayimenti ndi mayeso olemba. Izeki sanabwere pamayeso.

Koma pamene ndinagwidwira penipeni ndi pa kupeka sewero pompopompo. Amakuimikani awiri, popanda cholembedwa, ndipo lamulo lake n'losavuta: landira chimene mnzako wakupatsa, uwonjezerepo. Mtsikana wina anandiyang'ana ndi nkhope yankhawa n'kunena mawu ake, ine n'kuponya nthabwala imene ndinaikonza kuchokera kubafa. Kalasi inaseka. Ndinatembenukira kwa aphunzitsi kuti ndilandire zanga.

"Wati chiyani mnzakoyu?" anandifunsa.

Sindinadziwe. Ankanena kuti mwana wathu watentha thupi usiku wonse, ine n'kumuyankha za mtengo wa bonya.

"Mnzako akamayankhula, iwe umatani?"

"Ndimadikira."

"Kudikira chiyani?"

"Nthawi yanga."

Ndinayankha moona mtima, ndipo ndinadabwa kuti kalasi inaseka kuposa poyamba paja. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Wailesi, chifukwa mtsikana uja anati ndili ngati wailesi ya m'minibasi: siizimitsika, ndipo okwera akadandaula siimva.

Nthenda yomweyi ndinapita nayo kumudzi. Pali mtundu wa zisudzo umene unakula kuno kwathu m'zaka za m'ma 1980, pamene David Kerr, Chris Kamlongera ndi gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College ankapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde ndi masewero a zaumoyo. Simufika ndi uthenga wophikaphika. Mumayamba mwakhala pansi n'kumva zimene eni mudzi akunena, mumapanga sewero kuchokera pa zimenezo, ndipo pakati pa sewerolo mtengambali amatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa maganizo. Mphamvu yake yonse ili pa yankho limene simunalikonzere. Ifenso tinatumizidwa kukayesa njirayi pabwalo la mfumu ina. Itakwana nthawi yanga, ndinagwada mwaulemu pamaso pa agogo ena.

"Agogo, inu mukuona kuti mjigowu umawonongeka pafupipafupi chifukwa chiyani?"

Iwo atangokoka mpweya kuti ayankhe, ine ndinali nditayamba kale kufotokoza za komiti ya madzi ndi ndalama zosonkha. Anandilola ndimalize, poti akuluakulu ndi odekha.

"Mwanawe," anatero, "ngati ukudziwa kale, wandifunsiranji?"

M'manja mmene anthu anawomba pamenepo simunawombedwenso tsiku lonselo.

Ndiye linafika sewero la mayeso omaliza. Malikisi ake ndi a gulu, kutanthauza kuti pakamwa pa munthu mmodzi pangathe kugwetsa anthu onse, ndipo anzanga anali atachita kale masamu amenewo. Nkhani yake inali ya pasiwa, achibale akulimbirana katundu wa malemu, mkazi wamasiye akuyang'ana. Pogawana mbali, gulu lonse linagwirizana popanda wotsutsa, chinthu chimene sichinachitikepo, kuti ine ndikhale malemuwo.

Masewero a ophunzira sakhala ndi ndalama. Jekete ya mfumu ndi ya malume a wina, lichero ndi la amayi a wina, ndipo mtembo umadzipezera wokha mphasa ndi chitenje chofunda. Ndinapita kunyumba. Amayi atafunsa za mbali yanga ndinati sewero lonse likunena za ine ndipo sindichoka pasiteji, zimene zinali zoona ndithu. Achemwali anga ndiwo anaulula, poti anali atamva kwa mnzawo.

"Ukagone pamphasa, akufunditse kumutu, anthu azikulira, ine ndili moyo?" anatero amayi. "Malodza amenewo ukufuna agwere ndani?"

Abambo sanatchule za malodza. Anangofunsa kuti, "Fizi yonse ija?"

Ndinadziteteza ndi mbiri. Ndinawakumbutsa za Du Chisiza, amene anatchuka ali pasukulu ya HHI pa mpikisano wa zisudzo wa ATEM, n'kuyambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, mpaka kukhala nduna mu 1993. Zisudzo zimafikitsa munthu patali.

"Iyeyo ankalemba, ankatsogolera, ankayankhula," anatero abambo. "Iwe ukukagona."

Chitenje ndinachitenga usiku.

Asakunamizeni, kukhala mtembo ndi ntchito. Apa m'pamene kupuma kwa pasimenti kuja kunandithandiza, chifukwa uyenera kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuutumiza m'mbali mwa nthiti ndi kumsana kuti chitenje chisamakwere ndi kutsika pamimba. Mphuno imayabwa nthawi imene namfedwa wagwada pambali pako. Nyerere zimadziwa kuti sungazikande. Wina akaiwala mawu ake, iwe ukuwadziwa, koma wafa.

Ndipo ndinkawadziwadi, onse. Pansi pa chitenje, maso ali chitsekere, ndinalibe nthawi yanga yoti ndiidikire, choncho makutu anayamba kugwira ntchito mosafuna. Ndinamva kuti wochita mbali ya malume amatsitsa mawu akafika pa bodza. Ndinamva kuti mtsikana uja, amene tsopano anali mkazi wanga wamasiye, amakhala chete kamphindi asanayankhe apongozi ake, ndipo kamphindi kameneko n'kamene kamachititsa holo yonse kusiya kutsokomola. Ndinali nditayeserera naye masewero ambirimbiri osadziwa kuti ali ndi luso lotere. Zinandipweteka pang'ono, koma mtembo sudandaula. Aphunzitsi analemba papepala langa kuti kwa nthawi yoyamba ndathandiza anzanga kusewera, ndipo malikisi amenewo ndi apamwamba kuposa onse amene ndinapezapo pa phunzirolo.

Amayi anabwera kudzaonera, ngakhale anali atalumbira. Anakhala kutsogolo ndi achemwali, ndipo maliro atafika pachimake ndinamva mawu amene sanali m'sewero akupemphera motsitsa kuti zimenezi zithere pomwepo. Chitenje anachikana, anati chafunda maliro, ndipo mpaka lero timakolopera. Koma tili m'minibasi pobwerera anandigwira pabondo.

"Wachita bwino, mwananga. Chikuberekere sindinakuonepo uli chete chonchija."

Abambo atamva lipoti lonse anafunsa ngati phunzirolo lili ndi gawo lachiwiri. Anati ngati lilipo, ndipo mbali yanga ikhala yomweyo, fizi yake alipira mwezi usanathe.