Fodya wa pachala ndi lisiti la malata

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Agogo amene anayamba kunena mawu amenewa ankadandaula ndi kamtunda kochepa, kochoka pachala kufika pamphuno, kuti ngakhale pamenepo mphepo imapeza mpata. Ife a ku Zemba tinautalikitsa mtundawo. Mphuno imatsala kuno kumudzi, chala chili ku Chipata, ndipo pakati pali msewu, mtengo wa honda ndi miyezi itatu.

Zimayamba mu June, munthu akagulitsa soya kapena nsawa. Ndalama ikagona m'nyumba achibale amaimva fungo, ndiye wanzeru amathamangira nayo kusitolo ya zomangira, kulipira theka la malata, kuti zotsalazo adzamalize akagulitsa chimanga. Amati lay-by. Mwini sitolo amakulandira ndi manja awiri, kukupatsa mpando, n'kuitana mnyamata kuti alembe dzina lako ndi choko pa lata lapamwamba. Dzina lako, pa lata lonyezimira, anthu akuona! Ukamatuluka umayenda ngati nyumba wafolera kale.

Alamu anga anachita zimenezi chaka china. Mu October, mitambo itayamba kusonkhana, anachita hayala galimoto kukatenga katundu wawo. Anapeza chitseko chachitsulo, maloko awiri, ndi pepala la Chingelezi lomatidwa ndi selotepi. Atasuzumira pazenera anaona mashelefu opanda kanthu ndi kalendala yoima pa August. Ofesi yokhayo yomwe inali yotsegula inali ya amayi ogulitsa vitumbuwa pakhonde.

"Anatseka, atate. Inu si oyamba lero."

"Nanga apita kuti, amayi?"

"Ena akuti ku Lusaka, ena akuti ku Tete. Tengani chitumbuwa, mwachoka kutali."

Chitumbuwacho analipira.

Lisiti analibweretsa kunyumba bwinobwino, ndipo limagona m'pulasitiki ya shuga pamodzi ndi NRC ndi makhadi a kusikelo a ana. Tsoka lake ndi la malisiti a makina aja: inki imazimiririka yokha. Pofika Khrisimasi, mtengo unali utapita, dzina la sitolo likutsazika, mawu othokoza a pansi okha ndi amene anatsala akuwerengeka.

Musaganize kuti dziko lilibe malamulo. Alipo, abwinonso. Lamulo la 2010 loteteza ogula, limene limayendetsedwa ndi bungwe la CCPC, linaletsa zikwangwani zija zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo limati wogulitsa katundu wowonongeka abweze ndalama kapena asinthe katunduyo. Koma lamulo limeneli limafuna wogulitsa amene ali ndi chitseko chogogodapo. Loko sayankha kalata.

Sitolo ikafa, nkhani imasamukira ku lamulo lina, la 2017, lokhudza makampani olephera kubweza ngongole. Apa m'pamene Mchewa amagwira pakamwa. Kwathu munthu akamwalira, pamaliro pomwepo akuluakulu amaimirira n'kulengeza kuti amene malemu anali naye ngongole aonekere, ndipo amalume ake amakhala pansi kumvetsera. Mlandu suola, ndipo mbumba siithawa. Koma azungu anatulukira cholengedwa chotchedwa Limited, chimene chimabadwira ku ofesi yolembetsa makampani ya PACRA, chimadya ndalama ngati munthu, chimamwalira ngati munthu, koma chilibe amalume. Mwini wake mumakumana naye ku mwambo wa Kulamba mu August, wavala bwino, akuwombera m'manja Gule Wamkulu, n'kukuuzani mwachisoni kuti nayenso imfa ya kampaniyo inamukhudza kwambiri. Ndipo mwalamulo akhoza kukhala kuti sakunama: ngongole ndi ya malemu, si yake.

M'malo mwa amalume mumabwera mkulu wa tayi wotchedwa liquidator. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa zimene malemu wasiya, kugulitsa, n'kugawira angongole. Inu mumalemba fomu yosonyeza kuti muli nawo ngongole, kumatapo umboni, kenaka kuima pamzere. Mzerewo suyendera kuti anayamba kufika ndani. Kutsogolo kuli banki imene inagwira chikole. Liquidator naye amatapa za ntchito yake, poti sagwira ya ganyu wa Mulungu. Antchito a m'sitolo ali ndi malipiro awo, a ZRA ali ndi msonkho wawo. Kumapeto kwenikweni, kumene mzere wakhotera kuseri kwa nyumba, n'kumene kuli alamu anga ndi pepala lawo loyera. Ndipo musadabwe kumva kuti lata lolembedwa dzina lanu ndi choko lawerengedwa pa katundu wa malemu.

Komabe musanalire, yang'anani bwino dzina la sitoloyo. Masitolo ambiri a pa boma la Chadiza ndi m'misika yathu si Limited ayi, ndi munthu chabe amene analembetsa dzina la bizinesi. Ameneyo sitolo ikatsekedwa ngongole imam'tsata iye mwini, mpaka kukhola kwake. Mukhoza kum'tengera kwa amfumu kapena kukhoti, ndipo mbuzi zake zili ndi chifukwa chodera nkhawa. Vuto n'kum'peza. Malire a Mozambique ali pafupi kuposa khoti.

Ena amati zoterezi zimachitika ndi tisitolo ta m'makona tokha. Afunseni achikulire za ZCBC ndi Mwaiseni, masitolo a boma amene anthu ankafolera mzere wa sopo ndi saladi m'nthawi ya UNIP, kuti lero ali kuti. Anatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1995 Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba ku Lusaka. Zambia Airways yakale ija, kampani yokhala ndi ndege zenizeni, inatsekedwa mu 1994. Ku South Africa, Edcon, mwini wa masitolo a Edgars ndi Jet, anagwada mu 2020. Kutsidya uko ku Malawi, sitolo ya PTC, imene ana ankaiyesa gawo la boma lililonse, inatha mu 2022. Ngati ndege zinatera osanyamukanso, sitolo ya misomali ndiye ndani? Ndipo amene akusungabe lisiti la 2012 akumbukire kuti mu January 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu: K500,000 yanu ija, ikadzabwera, idzabwera ili K500.

Chondiseketsa n'chakuti sitiphunzira, tikungosintha chala. Lero timatumiza ndalama pa Airtel Money kwa munthu wa pa Facebook amene chithunzi chake ndi thumba la feteleza. Uthenga ukalira pafoni kuti ndalama zapita, timamwetulira ngati mbewu yamera kale.

Alamu anga okha ndi amene anasintha, ndipo anasintha mopyola. Tsopano amagula lata limodzi pa ulendo, kulimangirira panjinga kaye, kukoka chingwe kuti aone ngati chalimba, kenaka m'pamene amapisa m'thumba, dzanja lina lili pa handulo. Nyumba yawo pakali pano chipinda chogona n'cha malata, pabalaza m'paudzu. Tsiku lina wogulitsa anawauza mwaulemu kuti akhoza kulipiriratu asanu pamtengo wotsika, n'kudzatenga mawa ndi ngolo.

"Mawa ndibwera ndi ngolo," anayankha alamu. "Ndalama zibwera pa ngolo yomweyo."