Dokotala wa pa WhatsApp ndi botolo la magnesium

Chimvereni kuti alamu ake a ku Johannesburg awapeza ndi fibromyalgia, mwini danga lino wasanduka dokotala. Digiri anaitenga pa WhatsApp, usiku umodzi, ndi bandulo yobwereka.

Matendawo si ocheza. Thupi lonse limaphwanya miyezi ndi miyezi, munthu amadzuka ngati sanagone, amaiwalaiwala, koma akayezetsa magazi kapena kujambulitsa X-ray zonse zimaoneka bwinobwino. Matendawa amagwira kwambiri amayi. Mkuluyu atawerenga zizindikirozo anapeza kuti kutopa ali nako, kuiwala ali nakonso, makamaka kuiwala ngongole. Basi, anadzilemba yekha m'kaundula wa odwala, nadzilembera magnesium.

Thupi limamufunadi magnesium kuti minofu ndi mitsempha zigwire ntchito: bambo mamiligalamu 400 mpaka 420 patsiku, mayi 310 mpaka 320. Koma umboni woti mapilitsi ake amachepetsa ululu wa fibromyalgia ndi woperewera. Kafukufuku wa ku Turkey amene anatuluka mu 2013 anayesa mankhwala pa amayi odwala 60 okha, ndipo amene anapezako bwino kwambiri ndi omwe ankamwa magnesium citrate pamodzi ndi amitriptyline. Ndime imeneyi dokotala wathu anaidumpha, inali yotalika.

Anagula botolo lotchipa, la magnesium oxide, amene wochepa yekha ndiye amalowa m'magazi. Wotsalayo amakokera madzi m'matumbo. Aneba amene sanamuonepo mkuluyu akufulumira chisamukireni m'deralo anamuona akuthamanga, lamba m'manja.

"Bambo a ana, ndalama yonseyi, nthanga za maungu, nyemba ndi nsinjiro zili m'khitchinimu?" anafunsa mayi a kunyumba. Sanalakwe. Nthanga zokazinga zodzaza dzanja zili ndi mamiligalamu pafupifupi 150, ndipo sizithamangitsa munthu. Wogulitsa mankhwala naye anathirapo ndemanga: wodwala impso asamwe mapilitsiwa popanda dokotala weniweni, komanso mapilitsiwo amafoola mphamvu ya ciprofloxacin ndi doxycycline mukamwera limodzi.

Chomwe chamupweteka mtima ndi bungwe la madokotala a nyamakazi ku Ulaya, EULAR. Malangizo ake a 2017 analimbikitsa mwamphamvu chinthu chimodzi chokha pa fibromyalgia: masewera olimbitsa thupi. Alamu aja anayamba kale kuyenda ndawala m'mawa uliwonse. Mwini danga lino akuti iye adikire kaye kafukufuku wina.